Avelino Andidikire

Ilha da Juventude, Cuba
14 Outubro 1984

Wokondedwa mkazi wanga Bertina,

Ndiyambe ndi moyo wanu, inu pamodzi ndi mlendo mwanyamulayo. Mseru uja unatha kodi? Ine ndili bwino, kungoti kutentha kwa kuno kwandisupula khungu. Munthu wa ku Ntengo-Wambalame, wokulira m'chisanu, amuponya pachilumba pamene ngakhale mvula imagwa yofunda.

Sikola yathu ili pakati pa munda wa matoranja, zipatso zonga malalanje koma zazikulu ndi zowawa. Ana onse ndi akwathu ku Mozambique, boma linawatumiza kuno kudzaphunzira, ndipo ife tinabwera kuti asaiwale Chipwitikizi ndi mbiri ya dziko lawo. M'mawa ndimagwira choko. Masana tonse, ana ndi mapulofesolo omwe, timalowa m'munda ndi zikwanje. Sekani ndithu, ndikukuonani. Ndinalimbikira sikola kuti ndithawe khasu, ndawoloka nyanja yonseyi n'kudzapeza chikwanje chikundidikira. Walira mvula walira matope.

Chakudya ndi mpunga ndi nyemba zakuda. Mawa lake nyemba zakuda ndi mpunga. Ndikalota, sindilota za nzeru ayi, ndimalota kachewere wa amayi wokazinga ndi anyezi.

Tsono mverani. Musachoke m'nyumba ya sikola ku Furancungo. Posto, kachipatala kathu kaja, ili pafupi, ndipo ndikufuna mwana wathu woyamba abadwire m'manja mwa anamwino. Atsibweni anu a Jeremias akabwera ndi mawu akuti mukachirire kwanu ku Chidzolomondo, muwaphikire bwino, muwathokoze, abwerere okha. Pepala lija ndinasiya m'sutikesi muzipita nalo ku ofesi mwezi ukatha, akupatseni gawo la malipiro anga. Ndikudziwa kuti m'sitolo mulibe choti mugule nawo, koma tengani basi. Sopo ndi nsalu ziwiri ndapatsira mnzathu wina wopita ku Maputo, zikafika ndi koluna, mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, ngati Mulungu alola. Njinga musabwereke munthu.

Za mseu wa ku Tete musandilembere zambiri. Kalata imadutsa m'manja ambiri isanafike kwa mwini wake.

Atilonjeza feriya, tchuthi chobwera kumudzi, mwezi wa Julho chaka chamawa. Masiku ndikuwadula pakalendala.

Ine mwamuna wanu,
Clemente


26 Dezembro 1984

Amake Avelino,

Mwaona m'mene ndakutchulirani? Ndalemba dzinalo kawiri papepala lina kuti dzanja lizolowere. Muli bwanji, mwachira? Nanga mnyamatayo akuyamwa? Ine ndili bwino, ndipo kuyambira pamene kalata yanu inafika ndikuyenda ngati mwini chilumba. Inayenda masabata asanu. Ndiye kuti mwana wanga anakhala padziko mwezi wathunthu ine ndikudula udzu m'matoranja osadziwa kuti ndine bambo. Zikomo pomupatsa dzina la malemu bambo anga monga tinapangana.

Dzulo inali Natale, koma kuno tsikulo salidziwa. Belu linalira monga mwa masiku onse, tinathyola matoranja mpaka mapewa kuwawa. Ine ndi Marcelino, pulofesolo wa masamu wa ku Zóbuè, yekhayo amene ndimayankhula naye chinenero chathu, tinayamba kuimba chapansipansi nyimbo ya kubadwa kwa Ambuye. A diretolo, mkulu wa sikola, anatimva. Anati, "Kamarada Clemente, nyimbo zimenezo munayenera kuzisiya ku mishoni." Ndinangoti inde. Kwa eni kulibe mkuwe. Koma mumtima ndinaimaliza mavesi onse.

Tsopano za a Jeremias. Andilembera masamba awiri kundiphunzitsa mwambo ngati ndine mzungu. Akuti mwana akabadwa amakhala wozizira, ndipo sakhwima kufikira bambo ndi mayi atamutenga, kukhala naye pamphasa imodzi monga banja. Akuti tsikulo lisanafike, mmodzi wa ife akangopita kumbali, wamudula mwana, atupa, aonda, apita. Zonsezi ndinazimva ndili wamng'ono. Chimene chandipsetsa mtima ndi mzere wotsiriza, pamene akuti popeza ndili kutali, akuluakulu ali ndi njira ina yotengera mwana bambo wake palibe. Njira imeneyo ndikuidziwa, ndipo sindikufuna kuilemba ndi dzanja langa. Pakhomo panga sipadzalowa mwamuna wobwereka. Ngakhale za mankhwala omanga m'chiuno sindikuzifuna, ine ndimaphunzitsa ana kuti matenda amabwera ndi tizilombo.

Muwauze kuti Avelino ali ndi bambo wake wamoyo. Andidikire, Julho si kutali. Ndidzamutenga ndekha, a Jeremias akondwe, ngakhale ine ndikudziwa kuti chimene chimakhwimitsa mwana ndi bere ndi katemera. Kumbali kwanga musade nkhawa. Akazi a kuno amayankhula mofulumira kwambiri, munthu sungadziwe ngati akukufuna kapena akukutukwana.

Mupite naye ku posto akamubaye katemera yense. Madzi muziwiritsa.

Ine bambo wake wa Avelino,
Clemente


30 Junho 1985

Amake Avelino,

Ndikhulupirira muli bwino nonse awiri. Mwati wayamba kukhala yekha ndipo akumera mano awiri, ndawerenga pamenepo kambirimbiri. Ine moyo ulipo.

Pa 25 tinali ndi fesita ya zaka khumi za ufulu. Tinakonzekera mwezi wathunthu. Ana anaguba, anakweza mbendera, akuluakulu ochokera ku Havana anayankhula maola atatu ife tili chiimire padzuwa, atsikana anayi anakomoka. Pambuyo pake anaotcha nkhumba yathunthu pamtengo, monga amachitira eni dziko, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinadya n'kukhuta. Ana a ku Tete ndinawaphunzitsa chintali, anavina bwino, ngakhale ena ayamba kuiwala mawu a nyimbo. Mtsikana wina anandifunsa tanthauzo la liwu lakuti nkhokwe. Zinandiwawa.

Kenaka zinayamba zovina zawo. Kuno mwamuna ndi mkazi amavina atagwirana, dzanja m'chiuno, ngakhale sadziwana, ndipo palibe amene amatembenuka kuyang'ana. Mayi wina dzina lake Eva, amene amaphunzitsa sayansi, anandikoka pampando. Anati, "Iwe wa ku Africa, ukhala ngati mtembo mpaka liti?" Ndinamuponda zala kanayi, ana anaseka mpaka kugwa. Wojambula anatijambula, ndipo chithunzicho ndaika muno kuti muone suti imene anatipatsa. Muonetse amayi anga mukapeza wopita ku Ntengo-Wambalame, aone kuti mwana wawo sanaonde.

Ndalemba zonsezi poyamba chifukwa ndikuzengereza kufika pa nkhani yeniyeni. Sindibwera. Anadikira fesita ithe, mipando titabweza, ndiye a diretolo anatiitana. Akuti feriya ya kumudzi ndi ya amene akwanitsa zaka ziwiri, ndipo kwa ife a ku Tete ngakhale atatifikitsa ku Maputo, kupitirira apo palibe angalonjeze. Ndinati, "Kamarada diretolo, ndili ndi mwana amene sindinamuone." Anandiyankha kuti, "Muli ndi ana mazana asanu pano." Marcelino anandiponda phazi kuti ndisayankhe.

Ndakwiya, Bertina, ndipo ndilibe womukwiyira. Anatinamiza, ine n'kukunamizani inu. Koma mawu anga sanasinthe. Chaka chimodzi chokha, mwana andidikire. A Jeremias akayambanso, muwauze kuti ndi ine ndakana, mlandu ukhale wanga.

Mwalemba kuti mabanja ena a mapulofesolo sakugonanso m'nyumba za sikola. Sindifunsa chifukwa chake. Inu khalani pafupi ndi posto.

Wanu,
Clemente


20 Outubro 1985

Amake Avelino,

Moni. Ndamva kuti inu muli bwino koma mwana akutsokomola kuyambira Agosto ndipo thupi likubwerera m'mbuyo. Ine ndili moyo, tulo ndiye palibe.

Kalata yanu ndi ya a Jeremias zafika tsiku limodzi, ndipo sindikudziwa imene yandipweteka kwambiri. Chithunzi chija ndinatumiza kuti muone suti. Inu nonse mwaona dzanja. Akuti chayenda mudzi wonse wa kwanu, amayi aakulu akuchipatsirana ngati fodya, ndipo agwirizana kuti munthu sagwira m'chiuno mwa mkazi amene sanamudziwe. Awerenga miyezi, Junho fesita, Agosto chifuwa, basi mlandu watha, Clemente wadula mwana wake. Ndikanakhala wakuba, kodi ndikanadzijambulitsa ndili m'nkhokwe n'kutumiza kwa mwini chimanga? Mayi uja ali ndi mwamuna wake woyendetsa thirakitala, wamkulu ngati chitseko cha tchalitchi. Chiyambire kutsika ndege sindinakhudze mkazi, Mulungu ndi mboni. Koma inu, Bertina, inu amene munafika kalasi yachinayi, mwandifunsa kuti ndinene zoona. Funso limenelo ndi limene landidwalitsa.

Mwana ali ndi chifuwa. Chifuwa, osati tsempho. Akufunika jekeseni ndi phala la nsinjiro. Ndinakuuzani kuti musachoke pafupi ndi posto, inu mwanyamuka kupita ku Chidzolomondo kumene mankhwala ake ndi mizu ndi miseche.

Ndawerenganso kalata yanu nditalemba zapamwambazi, ndipo ndachita manyazi, koma pepala ndi losowa, sindingang'ambe. Mwati anthu a m'tchire aja, a mfuti, anafika ku nyumba za sikola, ndipo pulofesolo Afonso, woyandikana nafe, sanaonekenso, posto nayo n'kutsekedwa. Mwati mabuku anga munawakwirira kuseri kwa chimbudzi musanathawe. Munachita bwino. Kumeneko musauze munthu aliyense wachilendo ntchito ya mwamuna wanu. Akafunsa muziti ali ku migodi. Makalata anga mukawerenga muziotcha.

Koma za njira ina ija ndakanabe. Mundikhululukire, sindingathe. Ndikaganiza munthu wina akulowa m'nyumba mwanu ndi chilolezo cha atsibweni anu, choko chimandithyokera m'manja.

Kuno mphepo yamkuntho inadutsa, inagwetsa matoranja osapsa, tatola sabata yonse. Marcelino akupereka moni. Iye sanalandire kalata chiyambire Maio ndipo wasiya kupita kukafunsa.

Ine,
Clemente


8 Abril 1986

Bertina wanga,

Sindikudziwa ngati ndifunse kuti muli bwanji. Ndifunsabe, muli bwanji? Ine ndilipo.

Miyezi isanu ndakhala wopanda liwu lanu. Dzana andipatsa kalata ya a Jeremias yokhala ndi sitampa ya ku Malawi, akuti anapatsira katekisita wina wowoloka malire kuti akaponye ku Dedza. Nditayang'ana chidindo ndinaona kuti inafika pano masabata atatu apitawo. Inali m'kabati ya a diretolo. Makalata ochokera ku zigawo za nkhondo amayamba awasunga mpaka mayeso athe, akuti kuti mitima isasokonezeke. Ine ndinkadziwa kuti amachita zimenezi kwa ana, ndinkathandiza ngakhale kusankha makalatawo. Sindinkadziwa kuti nanenso ndine mwana.

A Jeremias alemba mwachidule. Akuti mwezi wa Fevereiro anthu aja anafika kumudzi, natenga chimanga, natenganso amayi asanu ndi awiri kuti asenze. Akuti inu munali mmodzi wa iwo, mwana anatsala ndi mayi anu, ndipo munabwerera patapita masiku asanu ndi anayi. Apo aika kadontho, ayamba za mbuzi zimene zinatayika. Inenso ndiika kadontho pomwepo. Sindidzakufunsani za masiku amenewo, lero kapena tsiku lina lililonse. Mukadzafuna kunena ndidzamva, mukapanda kufuna ndi zanu. Mwabwerera, chimenecho chandikwanira.

Dzulo linali tsiku la amayi a dziko lathu. Ine ndi amene ndinalemba mawu a mwambowo sabata yatha, ndisanadziwe kanthu, ndipo anandiimika kutsogolo kuti ndiwerenge. Ndinawerenga za mayi wolimba mtima amene amasenza dziko pamutu pake. Anaomba m'manja kwambiri. Atsikana anagawiridwa maluwa ndi keke, ine ndinapita kuseri kwa khitchini kukasanza.

Akuti Avelino anakana bere mutabwerera, ndipo mapazi ndi masaya zayamba kutupa. Mayi Eva, yemwe uja wa pachithunzi, ndinamufotokozera zizindikirozo osanena kuti ndi mwana wanga. Akuti ndi njala ya mwana wosiya kuyamwa mwadzidzidzi, akufunika mazira, nyemba zosenda, mkaka. Mazira a nkhuku ziti?

Mverani tsono. Mawu anga aja ndabweza. Chilichonse chimene akuluakulu akufuna kuchita kuti amutenge mwana, mankhwala kaya chiyani, ngati inu mwini mwavomera, achite. Ngati simukufuna, asakukakamizeni, mwaona zokwanira. Ndipo ngati njira ya ku Malawi ikuyendeka, nyamukani naye mukafike ku chipatala cha mishoni. Za nyumba, za njinga, za ntchito yanga, zisiyeni zonse. Ndinalimbikira kuti mwana adikire ine ngati kuti ine ndine mankhwala.

Ndilembereni ndi dzanja lanu, ngakhale mizere iwiri.

Mwamuna wanu,
Clemente


27 Junho 1986

Amake Avelino,

Dzina limeneli sindisiya kukuitanani nalo. Moyo wanga ulipo, wanu ndaumva m'kalata yanu.

Mwati Avelino anatisiya pa 11 Maio, Lamlungu m'mawa, muli m'njira ya ku chipatala, ndipo munabwerera naye kukamuika kwanu. Kalatayi sanaisunge m'kabati, Marcelino anakaitenga yekha kwa wonyamula makalata. Ndinabwereka lezala n'kudzimeta mpala monga tikadachitira kumudzi. A diretolo atandiona anafunsa ngati m'chipinda mwanga mwalowa nsabwe. Ndinawauza. Anandigwira paphewa, anati pepani, kenaka anandikumbutsa kuti fesita ya pa 25 yayandikira ndipo chintali chilibe wina wochidziwa. Ndinaimba ng'oma dzana, ana anavina, alendo anadya nkhumba. Zaka ziwiri zakwana, koma akuti wodzalowa m'malo mwanga sanapezeke, ndikhale chaka china.

Tsopano za zimene mwalemba kumapeto, zilembo zing'onozing'ono zija. Mwati chiyambire maliro nkhani yatembenuka. Amayi anga atumiza mawu ochokera ku Ntengo-Wambalame kuti mwana wawo ndi wa Mulungu sangachite zimenezo, amene anadula mwana ndi amene anagona kutchire masiku asanu ndi anayi. Mwati ngakhale kwanu ayamba kuvomereza, poti kutupa kunayamba mutabwerera. Mukudya panokha, mchere sakulolani kuthira, ndipo mng'ono wanu anakulandani khanda lake m'manja. Mwati akuluakulu adzakhala pansi mwezi wa Agosto kuti mutchule zimene zinachitika kumeneko, pamaso pa anthu. Amene anakusenzetsani katundu palibe adzawaitane pa bwalo limenelo. Amene anatseka posto palibe. Aona inu, chifukwa ndinu amene mulipo.

Ndaganiza masiku anayi. Ndikawalembera za tizilombo ndi njala, adzati pulofesolo wayamba Chipwitikizi chake. Kwathu mwana wotupa samwalira yekha, pamafunika munthu womudula, ndipo anthu ake ndi awiri okha, inu kapena ine. Ine ndili kutsidya kwa nyanja, mawu awo sandifika pakhungu. Inu mumatunga nawo madzi pachitsime chimodzi.

Choncho muno muli masamba awiri. Ili ndi lanu, mukawerenga muotche. Linalo mupereke kwa a Jeremias awerenge pabwalo. Zimene zili m'menemo ndi bodza, Bertina, ndipo ndikufuna inu nokha padziko lapansi mudziwe kuti ndi bodza. Sindinakhudze mkazi. Mayi Eva sadzamva, sadziwa n'komwe kuti kuli malo otchedwa Chidzolomondo, Mulungu andikhululukire pomudetsera dzina. Musanditeteze. Akamanditukwana mukhale chete, mukafuna mutukwane nawo. Ndikudziwa kuti a Jeremias akamva adzathetsa ukwati, ndipo amayi anga sadzandiyang'ananso kumaso. Ndalira nazo zimenezi, sindikubisirani. Koma mlandu ndili nawo ndithu, ngakhale si umene ndalembawo. Ndinakusiyani muli ndi pakati chifukwa ndinkafuna kukwera ndege.

Wanu nthawi zonse,
Clemente

Tsamba lachiwiri

Kwa a Jeremias, ankhoswe athu, ndi akuluakulu onse a ku Chidzolomondo,

Ndakugwadirani. Ine Clemente, mkamwini wanu, ndikulemba ndili bwinobwino, popanda wondikakamiza.

Munandifunsa chaka chatha ndipo ndinakana. Ndinanama. Pa fesita ya Junho 1985 ndinachimwa ndi mkazi wa kuno, mwana wanga asanatengedwe. Chifuwa chinamuyamba mwezi wa Agosto, mayi wake ali pakhomo, miyezi isanu ndi umodzi anthu a m'tchire asanabwere. Inu nomwe munawerenga miyeziyo ndipo munalondola. Munandiuzanso njira yomupulumutsira, ine ndinaletsa kawiri. Amene anadula Avelino ndine.

Mwana wanu Bertina alibe mlandu. Musamufunse kanthu pabwalo. Adye ndi anzake, athire mchere, anyamule ana a abale ake. Mawu awa mutumizenso kwa amayi anga monga ndalembera, musachotsepo.

Chimene mugamule pa za ukwati ndi chindapusa ndavomera ndisanachimve. Ndingopempha chinthu chimodzi, ngati wolakwa amaloledwa kupempha. Wina mwa inu amene anamunyamulapo andilembere kuti mwanayo ankaoneka bwanji, chifukwa ine sindinamuone.

Ine mkamwini wanu,
Clemente